Madontho Okana Kusukuluka

Mayi anga mpaka lero amauza anzawo a kumzikiti kuti ine ndine dokotala wa ng'ombe. Sindiwatsutsa. Atati anene zoona, kuti mwana wawo wamkazi amaswa mitu ya agalu akufa kufunafuna kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, sindikudziwa ngati angapezenso wowaitana ku ukwati. Ndikapita kwathu ku Mkuyuni amandilandira ndi sopo ndi ndowa ya madzi ndisanakhale n'komwe pansi.

Amene anandilowetsa m'ntchito imeneyi ndi a Profesa Bashweka, pa sukulu ya madokotala a ziweto kuno ku Morogoro. Kanthu kaja kamakhala pakatikati pa ubongo. Mabuku amakatchula kuti piniyo, koma ife m'chipinda mwathu timangoti kanjere. Ntchito yake ndi kuuza thupi kuti kunja kwada: maso akatumiza uthenga woti kuwala kwatha, kanjere kamatulutsa timadzi take, nyama n'kudziwa kuti ndi usiku. Tsiku loyamba a Profesa atamva dzina langa anaseka mpaka kutsokomola.

"Chausiku? Ndiye wafika kwanu. Khala apo."

Anandikhazika pa maikulosikopu ya mitu iwiri, ija anthu awiri amasuzumiramo moyang'anizana, mphunzitsi n'kumaloza ndi kamuvi kowala. M'menemo ndinaona koyamba chimene chinawadyera moyo wawo wonse. Pakati pa maselo otuwa a kanjere ka galu pamakhala ena odzaza ndi madontho akuda moderako. Madonthowo ndi melanini, utoto womwewu umene umadetsa khungu lathu.

"Khungu limada podziteteza ku dzuwa," ankatero a Profesa. "Nanga m'kati mwa chigaza, dzuwa lake liti? Ukandiyankha limeneli ndikupatsa mpando wangawu."

Sindinawayankhe mpaka lero, ngakhale mpandowo ndinadzautenga iwo atapuma pa ntchito.

Malamulo awo anali awiri, ndipo aliyense amene anadutsa m'manja mwawo angawanene ali m'tulo. Loyamba: usanene kuti "ndaona" usanaone. Akakufunsa n'kungovomera pofuna kuwasangalatsa, ankasuntha kamuvi mwakabisira n'kukufunsanso, ukavomeranso ankakutulutsa panja. Lachiwiri linali la madontho. Usanakhulupirire dontho lililonse, yamba walifunsa kuti ndi la yani.

"Suntha kagalasi. Likayenda, ndi la galu. Zunguliza chosuzumira. Likazungulira, ndi fumbi, pukuta. Likangokhala pomwepo, ndi lako mwanawe, pita kuchipatala."

Ophunzira a chaka chilichonse ankaseka pa mawu omalizawo. Nanenso ndinaseka.

Akazi awo, Ma Kokuhabwa, anali namwino, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Ndi iwo anatola kagalu pa dzala la kumsika n'kubwera nako kunyumba m'dengu la tomato. Kanali kowonda, miyendo italiitali, kongodumphadumpha, ndiye anakatcha Senene, dzina la ziwala zija amadya kwawo ku Bukoba. A Profesa anadandaula kuti kuntchito agalu, kunyumba agalu, munthu apumira kuti. Mayi sanawamve. Ankakanyamula pamiyendo n'kumakalangiza pamaso pa alendo.

"Usamuyandikire bambo uyu, Senene. Akakusisita m'mutu usati akukukonda, akuyeza poyambira."

Mayi omwewo ndi amene ankalimbana ndi shuga wa a Profesa. Masana ankatumiza nthochi zophika ndi nyemba, ndipo anapita okha kukaopseza Bi Mwanaidi, amene amagulitsa tiyi kuseri kwa chipinda chathu, kuti akadzangowagulitsa ndazi limodzi adzaonana. Ma Kokuhabwa atamwalira tinawaperekeza ulendo wautali wa ku Bukoba, n'kukawaika m'munda wa nthochi monga amachitira kumeneko. A Profesa anabwerera ku nyumba yopanda mawu, muli galu wokalamba basi. Anali atapuma kale, koma kiyi wa chipinda chathu sanabweze, ndipo panalibe wolimba mtima wowaitanitsa.

Senene anafa m'mawa wina m'nyengo yozizira, mapiri a Uluguru atabisala m'nkhungu. Ndinamva hutala kukhomo lakumbuyo, kumene timalowetsera mitembo ya ziweto. Ndinapeza a Profesa atatsegula buti ya galimoto. Galuyo anali atamukulunga m'chitenje cha malemu akazi awo.

"Shikamoo, a Profesa," ndinawalonjera monga timalonjerera akuluakulu kuno.

"Marahaba. Akadali wofunda. Tenga macheka."

"Koma uyu ndi Senene."

"Dzina ndikulidziwa. Ukachedwa ndi chisoni kanjere kaonongeka. Fulumira."

Ndinagwira ntchitoyo ndekha, iwo atayang'ana kuwindo. Kanjere sikachedwa kutayika. Ukatukula chigaza mwankhanza kamathothoka pamodzi ndi nembanemba, n'kupita m'ndowa ya zinyalala iwe osadziwa. Ndinapita pang'onopang'ono ngati ndikuchotsa munga m'phazi la mwana, ndipo kanatuluka kathunthu, koderako chakuphata. Nditakaponya m'botolo la fomalini, mankhwala oletsa nyama kuola, anafunsa osacheuka.

"Kabwera konse?"

"Konse."

"Zikomo, Chausiku."

Thupi anakalikwirira okha pansi pa mtengo wa mapeyala kunyumba. Nkhani inamveka pa sukulu ponse tsiku lomwelo, ena n'kumati nkhalamba ija ilibe mtima, yadula galu wa mkazi wake. Amenewo satidziwa. Wina amasunga chithunzi, wina mpango. Ife timasunga m'phula. Kanjere tikakaumitsa timakaika m'kanjerwa ka phula, kenaka pa makina timapala kanjerwako monga mmisiri amapalira thabwa, n'kumatulutsa tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi. Kachidutswa kamodzi kakakhala pa kagalasi n'kutsekeredwa bwino, kadzakhalapo iwe utapita kale. Vuto ndi lakuti chimene wapala wapala, sichibwereranso pa kanjerwa.

Sabata yomweyo ndinanyamuka ndi ophunzira kupita ku Kilosa kukagwira ng'ombe, ntchito imene mayi anga akanaiona akanaombera m'manja. Ndinakhalako mwezi ndi kanthu. Pobwera ndinapeza a Profesa pa benchi ya Bi Mwanaidi, patsogolo pawo pali mandazi ndi tiyi wamkaka amene supuni ikanaima yokha ndi shuga.

"Bi Mwanaidi, mukufuna kundiphera nkhalambayi?"

"Nanga ine nditani, Dokotala? Wondiletsa uja anapita. Ndikawamana akuti akagula kwa mnzanga wa uko, ndipo mandazi ake mukuwadziwa, amakazingira mafuta a thirakitala."

"Asiye mayiwo," anatero a Profesa. "Wabwera ndi nkhupakupa zingati? Tiye ukaone. Senene watichititsa manyazi tonse, ine ndi azungu omwe."

Nkhope yawo inali yowala. Chimwalirireni akazi awo ndinali ndisanawaonepo akuyenda mofulumira choncho, ndipo mtima wanga unasangalala.

Pofuna kutsimikiza kuti madontho ndi melanini, timatenga tizidutswa tiwiri totsatizana. Kamodzi timakasiya momwemo, kenako timakaviika m'mankhwala osukulutsa. Madontho akasowa pa koviikako, ndiye kuti ndi melanini. Agalu onse amene anadutsa pa tebulo lathu, a m'midzi ndi a apolisi omwe, madontho awo ankasukuluka.

"Madontho a Senene akukana," anatero a Profesa uku akuika kagalasi. "Ndaviika, ndaviikanso, ali pompo. Ichi si melanini, Chausiku. Ndi chinthu china chimene munthu sanachionepo. Khala apo."

Ndinakhala mbali yanga yakale n'kusuzumira. Munali maselo otuwa, oyera bwino, mitsempha ya magazi ikudutsa apa ndi apo. Kamuvi kanayenda n'kukaima pamalo popanda kanthu.

"Waona?"

"Sindinaone."

"Apa, pansonga penipeni. Gulu lonseli."

"Palibe dontho, a Profesa. Maselo otuwa okhaokha."

"Maso ako anatha ndi foni. Dikira ndikuonetse ena."

Anaika kena, kenanso, kenanso. Mathileyi a timagalasi anali ndandanda pa tebulo. Timagalasi tonse tinali tosukulutsa, ndipo tikamapita kutsogolo mankhwala ankanka nakula mphamvu, mpaka nyama inayamba kuoneka yodyekadyeka ngati chitenje chochapidwa pamwala zaka zambiri. Paliponse kamuvi kankaima pabwalo poyera, paliponse ine ndinkati sindinaone. Mawu awo anayamba kuuma.

"Nanga tosasukulutsa tili kuti?" ndinafunsa.

Analoza timagalasi towerengeka pakona. Tinali ta kunsonga kwa kanjere, kumene anayambira kupala, ndipo kumeneko maselo a madontho sapezekapezeka. Kuchokera pamenepo anasiya kusunga tiwiritiwiri.

"Ndisungirenji? Funso ndi limodzi, asukuluka kapena ayi."

Ndinatenga kanjerwa ka phula n'kukaunika pawindo. M'kati munatsala kamthunzi kochepa kwambiri, phata lokha. Pafupifupi kanjere konse kamene ndinatulutsa ndi manja anga kanali katapita m'mankhwala.

"A Profesa, mwatsala pang'ono kumumaliza Senene."

"Katsala kokwanira mayeso omaliza. Lolemba ndipala konse, ndiviike tsiku lathunthu. Akakana pamenepo, tilemba, dzina lako lidzakhala pambuyo pa langa. Kapena sukufuna?"

Anavala chipewa n'kutuluka, osatsanzika.

Ndinapsa mtima, ndisabise. Ndinati ndi makani a nkhalamba, munthu wakana kuti nthawi yake inatha. Ndinazungulira tebulo n'kukhala pa mpando wawo, poganiza kuti mwina mutu wa makina wa mbali yawo ndi wakuda. Ndinapukuta zosuzumira zonse ziwiri, ndinaziunika, zinali zoyera. Ndinasuzumira, munalibe dontho. Ndili chikhalire pomwepo ndinakumbukira manja awo. Masana onse aja ankati akaika kagalasi, dzanja lamanja ankalibweza pamwendo. Ankayendetsa kamuvi kokha. Munthu amene anandimenyapo ndi pensulo pa chala chifukwa choyang'ana osasuntha, sanasunthe kagalasi ngakhale kamodzi.

Mawu aja ankatiseketsa anabwera okha m'mutu. Ndinalira ndili pa mpando wawo, kulira kwenikweni, mpaka wosesa anatsegula chitseko n'kutsekanso. Nditatha ndinakulunga kanjerwa m'kapepala n'kukaika m'thumba la chovala changa choyera.

Lamulungu masana ndinaphika nthochi ndi nyemba n'kukwera bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu, kupita kwawo. Ndinawapeza pakhonde atavala suti ya kutchalitchi. Mbale ya Senene inali pamalo pake pafupi ndi chitseko, yotsukidwa. Analawa nthochi zanga n'kupukusa mutu.

"Anthu a kuno nthochi mumaziphika ngati mukuzilanga."

"Idyani, a Profesa. Zilibe shuga, n'chifukwa chake zikukuipirani."

Anadya ndithu. Pakudya ankangokupiza dzanja patsogolo pa nkhope.

"Ntchentche zachuluka chaka chino," anatero.

Panalibe ntchentche. Ndinayang'ana pansi.

"Mankhwala a shuga mukumwa?"

"Ndikakumbukira."

"Nanga maso munapimitsa liti? Shuga amatha kuboola timitsempha ta m'diso, inu mukudziwa kuposa ine."

"Maso awa aona zinthu zimene dokotala wako wa maso sanazilotepo. Usandiyambe, Chausiku, lero ndi Lamulungu."

Tinayang'ana mtengo wa mapeyala ndi kamulu ka dothi pansi pake. Kenaka anayamba kulankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Mayi ako aja, Kokuhabwa, ankandiseka. Ankati, iwe agalu ako onse ndi ofanana, ukawatsegula umapeza zomwezomwezo. Koma wangayu si wa m'mabuku ako. Ine ndinkati galu ndi galu. Tinakangana nkhani imeneyi zaka zonse." Anaseka pang'ono. "Ndiye taona. Ankanena zoona mayi uja. Zonse zimasukuluka, koma za galu wake zakana."

Ndinabwera nditakonza mawu, koma pamenepo anandithawa. Ndinatsuka mbale n'kubwerera kunyumba. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti kodi kungonena "ndaona" kamodzi kokha kungaphe ndani. Akanasangalala. Koma Lolemba akanapala phata lija n'kuliviika, ndipo pa dziko lonse sipakanatsala dontho limodzi la Senene, ngakhale loti munthu wina awaonere.

Lolemba ndinawapeza atafika kale, akutsegula madirowa, mankhwala osukulutsa ali okonzeka m'mbale yake.

"Kanjerwa kanga kali kuti?"

"Kali m'thumba mwanga."

"Bweretsa."

"Ndikupatsani mukasuntha kagalasi."

Anaima n'kundiyang'ana.

"Ukuti chiyani?"

"Lachisanu simunasunthe, a Profesa. Khalani pansi, ikani kalikonse mwa timagalasi tanu, musunthe. Mukatero kanjerwa ndi kanu, muchite nako zimene mukufuna."

"Iwe ndinakutola usakudziwa kogwirira mpeni. Unkasanza ndi fungo la fomalini. Lero ukundiyesa mayeso m'chipinda changa?"

"N'zoona, munanditola. Ndiye munandiphunzitsa. Sunthani."

"Ndikapanda kusuntha?"

"Ndiye mukandisumire kwa akuluakulu kuti ndaba phula."

Ndikanatha kuwaikira kagalasi kopanda kanthu n'kuwafunsa ngati akuona madontho. Ndinaziganizira. Koma sindinafune kuwatchera msampha ngati mwana wobera mayeso. Ndinagwira thumba langa ndi manja awiri ngati kuti alimbana nane.

Sanalimbane nane. Anakoka mpando n'kukhala. Anasankha kagalasi, n'kukaika, n'kuyatsa nyale. Ine ndinakhala mbali yanga. Kwa kanthawi dzanja lawo linali pamwendo. Kenaka linakwera, ndipo ndinaona maselo otuwa aja akuyenda kupita kumanzere, pang'onopang'ono, n'kubwerera kumanja. Anaima. Ndinamva chosuzumira chikuzungulira, choyamba, kenaka chinzake. Atatero anadzutsa mutu n'kuyang'ana khoma loyera la kumbuyo kwanga.

"Maliza lamulo," anatero.

"Malizani nokha, a Profesa."

"Ndi lako, mwanawe." Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. "Mbali yotsalayo ankaseka ana aja. Inali nthabwala yabwino."

 

"Madonthowa ndinawaona pa nsalu ya pa guwa, Lamulungu lapitalo ndi linzake," anatero. "Ndinawaona padenga ndikudzuka. Ndinadziuza kuti ndayang'ana kwambiri m'makinamu, andikakamira m'maso. Ndinkadziwa, Chausiku. Dzanjali linkadziwa, n'chifukwa chake linkakana." Anagwira mathileyi aja, kuwasisita m'mbali. "Ndiye madontho a Senene enieni anali m'menemu?"

"Ayenera kuti analimo."

"Ndawatsuka ndekha."

"Phata lilipo."

"Latsala lochuluka bwanji?"

"Sindikudziwa. Mwina tizidutswa tingapo, mwina phula lokha."

Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kanjerwa monga ndinalonjezera. Anakagwira, kukatembenuza, kukayandikiza kumaso, kenaka anandibwezera.

"Pala iwe. Ndipo taya mankhwala awo."

Ndinaika mpeni watsopano. Kanjerwa ndinakaziziritsa pa ayezi, n'kukamanga pa makina, n'kukauzira mpweya pang'ono monga anandiphunzitsira, kuti tizidutswa tisapindike. Pozunguliza gudumu ndinkapemphera chamumtima, Msilamu ine kupempherera nyama ya galu. Kachidutswa koyamba kanang'ambika. Kachiwiri kanatuluka kabwino, pakati pali kadontho ka nyama, ndi kena pambuyo pake. Kenaka mpeni unayamba kutulutsa phula loyera lokhalokha. Senene anathera pomwepo.

Ndinatiyandamitsa pa madzi ofunda kuti tiwongoke, n'kutiwolola ndi timagalasi. Kuumitsa ndi kupaka utoto kumatenga nthawi, ndipo sizifulumizitsika. A Profesa anakhala pakona nthawi yonseyo, chipewa pabondo. Bi Mwanaidi anasuzumira pakhomo ndi tiyi, atawaona anabwerera. Utoto ndinapaka wochepa kwambiri, kuti usaphimbe chilichonse.

Dzuwa litapendeka ndinabwera nako kagalasi. Ndinapita ku mpando wanga wakale, koma iwo anali atakhalapo kale. Anandilozera mbali ya mphunzitsi.

Ndinayamba ndi galasi laling'ono, kufunafuna, kenaka ndinakweza. Analipo. M'mbali mwa kamtsempha ka magazi munali maselo ndandanda, ena obulungira, ena otambasula timanja tawo pakati pa anzawo otuwa, onse odzaza ndi madontho ngati khofi wosinja, mwina mpaka kubisa mtima wa selo. Ndaona tinjere ta agalu ambiri, koma tsiku limenelo ndinapuma kaye ndisanalankhule.

"Alipo?" anafunsa asanasuzumire.

"Alipo. Ambiri."

"Achilendo?"

"Ayi, a Profesa. Melanini wamba, wa galu wokalamba. Akanasukuluka ngati ena onse."

Anagwedeza mutu. "Ndiye ndinapambana ine. Galu ndi galu." Anapukuta m'maso ndi chala. "Usakamuuze Kokuhabwa."

Anaweramira pa chosuzumira. Ndinaimika kamuvi pa selo lalikulu kwambiri, lodzaza bwino, n'kudikira. Sindinafunse funso lija loti waona, linandikanika. 

"Muli madontho ambiri m'muno, Chausiku. Paliponse. Anga ndi ati, ake ndi ati?"

"Ndisuntha kagalasi. Amene ayende ndi a Senene."

Ndinagwira kogwirira n'kuzunguliza pang'onopang'ono. Kamtsempha kanayamba ulendo wopita kumanzere, maselo ake onse pambuyo, mpaka anafika m'mphepete mwa kuwala n'kuyamba kulowa mumdima limodzilimodzi. Ndinamva mpweya wawo ukusintha.

"Ndaona," anatero. "Awo, akupita."

Ndinaima pamene lomaliza linalowa. Mbali yanga munatsala poyera.

"Ena atsala?" ndinafunsa.

"Atsala. Amenewo sapita kulikonse." Sanadzutse mutu. "Mawa udzandiperekeze kuchipatala. Koma pano bweza kaye."

Ndinabweza. Maselo a Senene anatulukanso kuchokera kumanzere, n'kudutsa pakati.

"Pang'onopang'ono, mwanawe. Ukaimitsa amandisowa."

Panja ophunzira anali atayamba kusonkhana, ena akugogoda, chifukwa inali nthawi ya phunziro langa. Sindinawatsegulire. Ndinapitiriza kuyendetsa kagalasi, kumanzere, kumanja, osaimitsa.